Khoma ndi la Yani? Zithunzi za Pamakoma a M'mizinda ndi Mkangano wa Umwini Wake

Phunziro lino likunena za luso lojambula zithunzi zikuluzikulu pa makoma a nyumba, pa milatho ndi pa mipanda ya m'mizinda, pamene munthu aliyense wodutsa amaziona osalipira khobidi kapena kupempha chilolezo kwa wina. Chithunzi chotere chimasiyana ndi chojambulidwa pa nsalu n'kuikidwa m'felemu, chifukwa cha pa nsalu chikhoza kugulitsidwa, kunyamulidwa ndi kutsekeredwa m'chipinda cha amene wachigula, pamene cha pakhoma chimakhala pomwe chinajambulidwapo, ndipo chimene chagwera khomalo chimagweranso icho. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ndiko gwero la mikangano yambiri imene lusoli lakhala likudzetsa, pakuti khoma limodzi limakhala ndi anthu angapo amene aliyense amati ndi lake: amene ali ndi mapepala a nyumbayo, amene walipira ntchito, amene wagwira burashi, ndiponso anthu a m'deralo amene amaliona tsiku ndi tsiku ngakhale kuti kawirikawiri palibe amene amawafunsa maganizo. Mbiri ya amisiri a ku Mexico a m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pamodzi ndi ya amene anadzatengera nzeru zawo, imaonetsa mkanganowu poyera kwambiri, ndipo ndi pa mbiri imeneyi pamene phunziroli latsamira.

Kujambula pa thanthwe kapena pa khoma sikunayambe ndi mizinda ya masiku ano. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, zina zofiira zimene anasiya Akafula ndi zina zoyera zimene Achewa ankajambula pa miyambo ya chinamwali ndi ya nyau, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ku Mexico nakonso, Amaya anadzaza zipinda zitatu za ku Bonampak ndi zithunzi za nkhondo, magule ndi oimba zaka zoposa 1,200 zapitazo, ndipo atafika atsamunda a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, ansembe awo anagwiritsa ntchito makoma a matchalitchi pophunzitsa chikhristu anthu amene sankamva chinenero chawo. Komabe zithunzi zakalezi zinali ndi eni ake odziwika, ndipo zambiri zinali m'malo amene ankafikako ololedwa okha. Chatsopano cha m'zaka za m'ma 1900 chinali ganizo lakuti chithunzi chikhale cha mtundu wonse, chilankhule kwa mlimi ndi wantchito monga momwe chikulankhulira kwa abwana awo.

Ganizo limeneli linapeza mpata nkhondo yapachiweniweni ya ku Mexico itazirala. Nkhondoyi, imene inabuka mu 1910 pofuna kuchotsa ulamuliro wa Porfirio Díaz ndipo inatenga pafupifupi zaka khumi, inasiya dziko losweka, la anthu a zinenero zambirimbiri, amene oposa theka sankatha kuwerenga kapena kulemba. Pulezidenti Álvaro Obregón atakhazikitsa unduna wa zamaphunziro mu 1921, anaupereka m'manja mwa José Vasconcelos, munthu wozama m'maphunziro amene ankakhulupirira kuti boma latsopano silingazike mizu ngati nzika zake sizikugwirizana pa mbiri ya kumene zinachokera. Iye anatumiza aphunzitsi kumidzi, anatsegula nyumba zowerengeramo mabuku ndi kusindikiza mabuku otsika mtengo, koma podziwa kuti buku limathandiza wodziwa kuwerenga yekha, anaitananso amisiri ojambula n'kuwapatsa makoma a nyumba za boma.

Mwa amene anavomera, atatu ndiwo anatchuka koposa. Diego Rivera, wobadwa mu 1886, anali atakhala ku Ulaya zaka zoposa khumi, ndipo asanabwerere kwawo mu 1921 anayendera matchalitchi a ku Italy kukaona mmene amisiri akale monga Giotto ankajambulira pa makoma. José Clemente Orozco, wobadwa mu 1883, anaduka dzanja lamanzere ali mnyamata pa ngozi ya wonga, ndipo nkhanza zimene anaona pa nkhondoyo zinamuchotsera chikhulupiriro mwa atsogoleri a mbali zonse. David Alfaro Siqueiros, wamng'ono pa atatuwa, wobadwa mu 1896, anamenya nawo nkhondoyo monga msilikali, ndipo moyo wake wonse ndale zinamudyera nthawi yofanana ndi ya kujambula, moti anamangidwa kangapo. Amisiriwa ndi anzawo anapanga bungwe lawo la antchito, ndipo m'chikalata chimene chinalembedwa mu 1923 n'kutuluka m'nyuzipepala yawo ya El Machete mu 1924, anakana chithunzi cha pa nsalu ponena kuti ndi cha anthu apamwamba okha, natamanda cha pakhoma chifukwa ndi katundu wa anthu onse. Mawu amenewa, akuti katundu wa anthu onse, ndiwo amene zochitika za zaka zotsatira zinawayesa mobwerezabwereza.

Kuti mayesowo amveke bwino, m'pofunika kudziwa kaye mmene ntchitoyi inkagwiridwira. Njira imene ambiri anasankha imatchedwa fresco, ndiko kujambula pa pulasitala wa njereza adakali wamuwisi. Mmisiri womanga amasakaniza njereza yonyika kwa nthawi yaitali ndi mchenga wosefa bwino n'kumata khoma kangapo, koma mmato womaliza, umene uli wopyapyala ndi wosalala, amauika pa kachigawo kokhako kamene wojambula angathe kumaliza tsiku limenelo. Wojambula amabwera ndi pepala lalikulu limene analembapo kale mizere ya chithunzi, mizereyo itabooledwa timabowo ndi singano, ndipo akaligunditsa pakhoma n'kuligogoda ndi kathumba ka fumbi la makala, pa pulasitala pamatsala timadontho tomutsogolera dzanja. Utoto wake ndi ufa wa dothi ndi miyala wosungunula m'madzi okha, wopanda guluu kapena mafuta, ndipo chimene chimaugwira ndi njereza yomweyo, imene pouma imakoka mpweya wa carbon dioxide n'kusandukanso mwala, kotero kuti mtunduwo umatsekeredwa m'kati mwa khoma m'malo mongokhala pamwamba. N'chifukwa chake fresco sasupuka ngati penti wamba ndipo amatha kukhala zaka mazanamazana, koma n'chifukwa chakenso ntchitoyi ilibe chisoni kwa woigwira, pakuti pulasitala amamwa utoto kwa maola ochepa okha, ndipo pamene palakwika sipafufutika koma kugumula ndi tchizulo n'kumatanso. Munthu woyang'anitsitsa pafupi amatha kuona timizere ta mmene ntchito ya tsiku lina inakumanirana ndi ya tsiku lotsatira, ndipo amisiri ochenjera ankatibisa m'mphepete mwa mkono, mwa chipewa kapena mwa khwinya la chovala. Amisiri a ku Mexico anakonda njirayi chifukwa chithunzi chikalowa m'khoma sichingachotsedwe mosavuta n'kupita ku msika. Chimene sanachiganizire mokwanira ndi chakuti chimagweratu m'manja mwa mwini khomalo.

Zimene anajambula zinali zachilendo pa makoma a boma. M'mabwalo awiri a likulu la unduna wa zamaphunziro ku Mexico City, kumene Rivera anagwira ntchito kuyambira 1923 mpaka 1928 n'kusiya zithunzi zoposa 100, muli oluka nsalu, onyika utoto, odula nzimbe, misika ndi zikondwerero za anthu wamba a khungu lakuda ndi lofiirira, amene mpaka nthawi imeneyo ankaoneka m'zithunzi monga antchito oima kumbuyo kwa mabwana. Pa chimodzi, wantchito wa mumgodi akusechedwa ndi kapitawo potuluka m'dzenje, mutu utazolika ndi manja atatambasula, ndipo Mkatolika aliyense wa ku Mexico sakanalephera kuona mtanda m'kaimidwe kameneko. Pa china, mphunzitsi wamkazi wakhala pansi pakati pa ana ndi akuluakulu akuwaphunzitsa, msilikali wa pa kavalo ataima pambali ndi mfuti kuwalondera, pamene patali amuna akulima munda umene tsopano ndi wawo. Munthu wosadziwa chilembo n'chimodzi chomwe ankatha kuwerenga zimenezi, ndipo apa cholinga cha Vasconcelos chinakwaniritsidwa.

Koma anthu onse aja sanavomereze kuti katunduyu ndi wawo. Mu 1924 ophunzira a pa Escuela Nacional Preparatoria, ambiri mwa iwo ana a mabanja opeza bwino, anakanda ndi kuwononga zithunzi za Orozco ndi Siqueiros zimene zinali pa makoma a sukulu yawo, ponyansidwa ndi mmene zinkanyozera olemera ndi atsogoleri a chipembedzo, ndipo Vasconcelos atatula pansi udindo chaka chomwecho, ambiri mwa amisiriwa anachotsedwa ntchito. Panalinso vuto lina lozama, limene Siqueiros anadzalinena poyera podzudzula Rivera mu 1934: zithunzi zimene zinkati ndi za alimi ndi antchito zinali m'mabwalo a m'kati mwa maofesi, kumene mlimi sankapondako kawirikawiri, ndipo wolipira anali boma limene linkalemekeza Emiliano Zapata, mtsogoleri wa alimi pa nkhondo ija, pakhoma kwinaku likuzengereza kugawa minda imene Zapata anafera. Chidzudzulochi chinali ndi dumbo la pakati pa amisiri, komabe sichinali chabodza. Orozco yekha ndiye sanalonjeze aliyense paradaiso, ndipo zithunzi 57 zimene anajambula ku Hospicio Cabañas mumzinda wa Guadalajara kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, zodzaza ndi moto, zitsulo ndi akavalo a nkhondo, sizikometsa wogonjetsa kapena wogonjetsedwa, ndipo mwina n'chifukwa chake sizinakalambe monga zina zimene zinkatumikira chipani.

Mkangano wa umwini unafika pachimake amisiriwa atawolokera ku United States, kumene olipira ntchito sanali boma koma a mpondamatiki. Ku Detroit, mu 1932 ndi 1933, Rivera anajambula zithunzi 27 m'bwalo la Detroit Institute of Arts zoonetsa ntchito ya m'fakitale ya magalimoto a Ford, ndipo atsogoleri ena a mipingo ndi nyuzipepala zina anafuna kuti zifufutidwe, makamaka chifukwa cha chithunzi cha mwana wolandira katemera chimene chinkafanana ndi cha kubadwa kwa Yesu. Edsel Ford, amene analipira ntchitoyo, anakana, ndipo zithunzizo zilipo mpaka lero. Ku New York zinthu zinayenda mosiyana. Banja la Rockefeller linapatsa Rivera khoma lalikulu la polowera m'nyumba ya RCA ku Rockefeller Center, mutu wa chithunzi n'kukhala wa munthu woima pa mphambano akusankha tsogolo lake, koma ntchito ili m'kati Rivera anaikamo nkhope ya Lenin, mtsogoleri wa chikomyunizimu wa ku Russia, imene inalibe pa pulani yomwe eni nyumba anavomereza. Nelson Rockefeller anamulembera kalata yomupempha kuti aikepo nkhope ya munthu wosadziwika, ndipo Rivera anakana, nati chimene angachite ndi kuwonjezera Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, mbali inayo. Mu May 1933 anatsitsidwa pa nsanja, analipidwa madola 21,000 onse amene anagwirizana, ndipo chithunzi chinaphimbidwa. Mu February 1934 antchito anachigumula usiku n'kutaya zidutswa zake.

Mlanduwu suli wophweka monga mmene okonda Rivera amaufotokozera. Akale anati nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo Rivera ankadziwa bwino lomwe kuti akujambula Lenin pa khomo la banja limene chuma chake chinali chizindikiro cha zonse zimene Lenin ankadana nazo; ankadziwanso kuti wapatuka pa pulani. Eni nyumba, amene ankafuna makampani oti achite lendi maofesi pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Koma kukana kuonetsa chithunzi ndi chinthu china, kuchiphwanya n'chinanso, ndipo funso limene Rivera anasiya linali lakuti kodi munthu akagula ntchito yaluso wagulanso ufulu woiwononga. Malamulo a ku America a nthawi imeneyo ankayankha kuti inde. Chimene chinapulumutsa chithunzicho ku chiiwalo ndi chakuti mmodzi wa othandizira ake, Lucienne Bloch, anachijambula mobisa ndi kamera chisanaphimbidwe, ndipo potsatira zithunzi zakezo Rivera anachibwereza mu 1934 ku Palacio de Bellas Artes ku Mexico City, Lenin ali momwemo, n'kuwonjezeramo John D. Rockefeller Jr., munthu wodziwika ndi kudana ndi mowa, ali pa malo a zakumwa ndi zovina.

Siqueiros ndiye anatulutsa lusoli panja penipeni. Ali ku Los Angeles mu 1932, anapatsidwa khoma la kunja la nyumba ya Italian Hall, pa msewu wa Olvera umene unali utangokonzedwa kuti ukope alendo ndi maonekedwe a msika wa ku Mexico, ndipo omupatsawo ankayembekeza nkhalango, zipatso ndi mbalame zokongola, pakuti mutu unali América Tropical. Podziwa kuti njereza singapirire dzuwa ndi mvula za panja, iye anayesa kujambula pa simenti yamuwisi, ndipo popeza simenti imauma msanga, anagwiritsa ntchito makina opopera penti m'malo mwa burashi yokha, njira imene inadzakhala ya ojambula a m'misewu zaka makumi angapo pambuyo pake. Pa khoma la mamita pafupifupi 24 m'litali anajambuladi nkhalango ndi mabwinja a kachisi wakale, koma pakatikati anaikapo munthu wa mtundu wa eni nthaka atamangidwa pa mtanda, chiwombankhanga cha America chitatera pamwamba pake, ndipo pakona anaikapo ankhondo awiri, mmodzi atachilozetsa mfuti. Izi zinachitika pa nthawi imene anthu ambirimbiri ochokera ku Mexico ankathamangitsidwa mumzindawo kubwezedwa kwawo. Siqueiros sanaloledwe kupitiriza kukhala m'dzikomo, mbali yooneka kuchokera mumsewu inapakidwa njereza posakhalitsa, ndipo zaka za m'ma 1930 zisanathe khoma lonse linali loyera. Chodabwitsa n'chakuti njereza ija, imene inapakidwa pofuna kupha chithunzi, inachitchinjirizako ku dzuwa, ndipo itayamba kusupuka m'zaka za m'ma 1960 mizere inayamba kuonekeranso. Akatswiri a Getty Conservation Institute anachitsuka ndi kuchilimbitsa, koma anakana kuchipakanso utoto watsopano popeza panalibe zithunzi za kamera zoonetsa mitundu yake yeniyeni, ndipo pamene chinatsegulidwanso kwa anthu mu 2012 chinali chotuwa monga mmene zaka zinachisiyira.

Nzeru za ku Mexico zinayenda kutali. Boma la Franklin Roosevelt linazitengera pofuna kupatsa ntchito amisiri osowa pogwira, ndipo pakati pa 1934 ndi 1943 zithunzi zoposa 1,000 zinajambulidwa m'mapositi ofesi a ku America. Ku Chile, achinyamata a gulu la Brigada Ramona Parra ankajambula makoma mwaliwiro pa misonkhano yokopa anthu ya Salvador Allende, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1970, wina akulemba mizere, ena akudzaza mitundu, ndipo asilikali atalanda boma mu 1973 anafufuta ntchito yawo. Ku Maputo, dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, makoma anadzaza ndi zithunzi za nkhondo ya ufulu, chachikulu kwambiri n'kukhala cha mamita 95 cha pa Praça dos Heróis pafupi ndi bwalo la ndege, chimene pulani yake anaikonza João Craveirinha. M'maiko onsewa khoma linkalankhula zimene wolamulira kapena chipani chikufuna, ndipo nthawi zina moyo wa chithunzi unkadalira kutalika kwa ulamulirowo.

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene anthu a m'madera osauka anayamba kutenga makoma okha osadikira nduna kapena mpondamatiki. Mu 1967 amisiri akuda a ku Chicago, mmodzi mwa iwo William Walker, anajambula Wall of Respect pa nyumba yakutha ya kumwera kwa mzindawo, n'kuikapo nkhope za anthu monga Malcolm X, Muhammad Ali ndi John Coltrane, ndipo ngakhale nyumbayo inapsa mu 1971 n'kugwetsedwa, chitsanzo chake chinafalikira m'mizinda yambiri. Ku Los Angeles, Judith Baca anatsogolera achinyamata oposa 400 kujambula mbiri ya California, kuphatikizapo mbali zake zimene mabuku a sukulu ankazilambalala, pa khoma la ngalande ya madzi osefukira la mamita oposa 800, ntchito imene inayamba m'zaka za m'ma 1970. Pa nthawi yomweyo kunabuka mtundu wina umene sunkapempha chilolezo n'komwe, wotchedwa graffiti, ndiko kulemba dzina kapena chizindikiro cha munthu mwini ndi penti wopopera wa m'chitini pa makoma ndi pa mabogi a sitima. Nyuzipepala ya New York Times italemba mu 1971 za mnyamata wodzitcha TAKI 183, amene dzina lake linali ponseponse mumzinda wa New York, achinyamata ambirimbiri anamutsanzira, ndipo akuluakulu a sitima za pansi pa nthaka analimbana nawo mpaka 1989, pamene analengeza kuti bogi iliyonse yolembedwa yachotsedwa panjanji.

Mzinda wa Philadelphia unayesa njira ina. Mu 1984 meya Wilson Goode anakhazikitsa ndondomeko yothana ndi graffiti, ndipo Jane Golden, mmisiri amene analembedwa ntchito kuti alankhule ndi achinyamata olemba makomawo, anawakopa kuti azijambula zithunzi zololedwa, zimene lero zapitirira 4,000. Chofunika pa ndondomekoyi si kuchuluka kwa zithunzi koma mwambo wake woyamba waitanitsa msonkhano wa anthu a m'deralo kuti anene zimene akufuna kuona pa khoma la pafupi ndi kwawo. Pali ena amene amadandaula kuti chithunzi chimene aliyense wachivomereza chimatuluka chozizira, chopanda ukali wa Orozco kapena wa Siqueiros, ndipo kudandaulaku kuli ndi choonadi chake. Komabe pa zitsanzo zonse zimene zatchulidwa, ndi pano pamene anthu oyang'ana khoma tsiku ndi tsiku anapatsidwa mpando pa zokambirana mwa ndondomeko yokhazikika.

Yankho la malamulo pa funso la Rivera linachedwa zaka zoposa 50. Mu 1990 nyumba ya malamulo ya ku United States inavomereza lamulo lotchedwa Visual Artists Rights Act, limene limapatsa mmisiri ufulu woletsa kuwonongedwa kwa ntchito yake ngati ntchitoyo ndi yodziwika kuti ndi yapamwamba, ngakhale itakhala pa katundu wa munthu wina, ndipo limalamula mwini nyumba kuti apereke chidziwitso cha masiku 90 kuti mmisiri achotse ntchito imene ingathe kuchotsedwa. Lamuloli linayesedwa pa mlandu wa 5Pointz, fakitale yakale ya ku Long Island City mumzinda wa New York, imene mwini wake Gerald Wolkoff analola ojambula kuti aziikongoletsa, ndipo kuyambira 2002, motsogozedwa ndi Jonathan Cohen, malowa anasanduka likulu la luso la penti wopopera kumene ankabwera amisiri ndi alendo ochokera m'maiko ambiri. Wolkoff ataganiza zomangapo nyumba zogona, amisiri anapita kukhothi, ndipo khothi litakana kuimitsa ntchitoyo, iye sanadikire masiku 90 aja koma anatuma anthu usiku wina mu November 2013 kukapaka penti woyera pa zithunzi pafupifupi zonse, ngakhale kuti kugwetsa kwenikweni kunachitika mu 2014. Mu February 2018 woweruza Frederic Block anagamula kuti kuwonongaku kunali kwadala, ndipo analamula chipukutamisozi cha madola 6.75 miliyoni kwa amisiri 21 chifukwa cha zithunzi 45, ndiwo madola 150,000 pa chithunzi chilichonse, malire apamwamba amene lamulo limalola. Khothi la apilo linagwirizana ndi chigamulochi mu 2020, ndipo khothi lalikulu linakana kumva mlanduwo.

Chigamulochi chinali chachikulu chifukwa chinavomereza kuti ntchito ya penti wopopera, imene zaka 30 m'mbuyomo inkaonedwa ngati uve wa m'misewu, ikhoza kukhala luso loyenera chitetezo, ndiponso kuti chithunzi sichitaya ulemu wake pa chifukwa chakuti sichinalinganizidwe kukhala muyaya. Koma malire ake ayenera kuonedwa bwino. Lamulo silinaletse mwini nyumba kugwetsa nyumba yake. Linangomulipiritsa chifukwa cha changu ndi mwano, ndipo woweruza mwini ananena kuti akanadikira n'kutsata ndondomeko, chilango sichikanakhala chotero. Lamulo limateteza mmisiri yekha, ndiponso mmisiri amene akatswiri a zaluso angamuchitire umboni, kotero kuti anthu a m'dera amene anazolowera chithunzi, amene ankalondolera nacho alendo njira ndi kuchiyesa chizindikiro cha kwawo, alibe poimira m'khothi. Pa malo a fakitale ija pali nyumba ziwiri zazitali za lendi, zimene eni ake anazipatsa dzina lomwe lija la 5Pointz.

M'matauni a ku Malawi makoma ambiri oonekera kumsewu ali kale ndi owalankhulira, omwe ndi makampani amene amapenta magolosale ndi mitundu yawo, mabungwe amene amalembapo mauthenga a zaumoyo, ndi zipani pa nyengo ya chisankho, ndipo ntchitoyi amaigwira amisiri olemba zikwangwani amene maina awo saoneka kawirikawiri ngakhale pakona pa khoma. Makhonsolo a mizinda, eni nyumba ndi mabungwe amene akufuna kupereka makoma kwa ojambula akupemphedwa kuti ntchito isanayambe azilemba pangano lonena zaka zimene chithunzi chidzakhale, amene adzachikonze chikayamba kusupuka, ndi masiku a chidziwitso amene mmisiri adzapatsidwe khoma lisanapentidwenso kapena kugwetsedwa. Azilolanso mmisiri kulemba dzina lake pa ntchito yake, ndipo pulani ya chithunzi izionetsedwa kwa anthu a m'deralo pa msonkhano wa kwa mfumu kapena wa khansala nsanja isanaimikidwe.